Mafilimu a maloto: momwe Surrealism idasinthira kanema, kuchokera ku Paris mpaka pa Zalewa

M'nyumba zoonetsera mavidiyo pa Zalewa, pa Lisungwi kapena pa boma la Neno, palibe amene amadabwa munthu akazimiririka m'filimu n'kutsala utsi wokha, kapena mayi akasanduka mbuzi anthu akuona. Oonera sadabwanso nkhani ikachoka pabwalo la mudzi n'kulowa m'mutu mwa munthu amene ali m'tulo. Zoterezi zidazolowereka kudzera m'mafilimu a ku Nigeria, a ku America ndi a konkuno. Komatu padali nthawi yomwe zithunzi zonga maloto zinkautsa ndewu m'nyumba za kanema ku Ulaya mpaka apolisi kuziletsa. Padalinso nthawi yomwe akuluakulu a boma la atsamunda ankati munthu wakuda sangazimvetse, choncho asamazione n'komwe.

Gwero lalikulu la zithunzi zamtunduwu ndi mafilimu ochepa, aafupi komanso opanda mawu, omwe adajambulidwa mumzinda wa Paris pakati pa 1924 ndi 1930 ndi anthu a gulu lotchedwa Surrealism pamodzi ndi anzawo.

Chiyambi cha gululi

Liwu loti Surrealism ndi lochokera ku Chifalansa, ndipo limanena za chinthu choposa zenizeni zomwe maso amaona. Adaliyambitsa ndi mlakatuli Guillaume Apollinaire mu 1917, koma amene adalisandutsa dzina la gulu ndi André Breton, yemwe adasindikiza chikalata cha mfundo za gululi mu 1924.

Gululi lidabadwa m'mabala a nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918. Breton, yemwe ankaphunzira zaudokotala, adagwirako ntchito m'zipatala za asilikali omwe adasokonezeka mutu kunkhondoko. Iye ndi anzake adaona kuti mayiko omwe ankadzitama ndi nzeru, sayansi ndi dongosolo ndi omwewo adapha achinyamata awo mamiliyoni ambiri. Gulu lina lotchedwa Dada, lomwe lidayamba ku Zurich mu 1916, lidayankha pochita chipongwe ndi kuseka chilichonse chomwe anthu ankachilemekeza. A Surrealism adatengako mtima wa chipongwewo, koma adaonjezapo maganizo a dokotala wa ku Vienna, Sigmund Freud, yemwe ankaphunzitsa kuti zilakolako ndi mantha zomwe munthu amabisa masana zimatulukira m'maloto zitavala nkhope zina. Kwa iwo, maloto sadali zopanda pake zoiwala kukacha. Adali umboni wa zomwe zili mumtima mwa munthu ndi mwa mtundu.

Kanema adawakopa chifukwa amafanana ndi tulo. Munthu amakhala mumdima, ali duu, zithunzi zikudutsa pamaso pake popanda iye kuziimitsa. Komanso pa nthawiyo mafilimu adali opanda mawu. Kuyambira 1895, pomwe abale awiri a banja la Lumière adaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira ku Paris, mpaka 1927, pomwe filimu ya The Jazz Singer idatsegula khomo la mafilimu oyankhula, nkhani inkafotokozedwa ndi zithunzi, timawu tochepa tolembedwa pachinsalu, ndi nyimbo zomwe oimba ankaimba m'holo momwemo.

Matsenga a kamera adalipo kale. Georges Méliès, yemwe adali katswiri wa zamatsenga za pasiteji, adadziwa kuti akaimitsa kamera, n'kuchotsa munthu, kenako n'kuiyatsanso, munthuyo amaoneka ngati wazimiririka. Filimu yake ya ulendo wa kumwezi ya 1902 idadzaza ndi zoterezi. Koma Méliès ankafuna kusangalatsa. A Surrealism adatenga zida zomwezo kuti asautse woonera ndi kumuonetsa zomwe safuna kuvomereza.

Mafilimu anayi oyenera kuwadziwa

Yoyamba ndi Entr'acte ya 1924, yomwe adajambula René Clair potsatira maganizo a Francis Picabia, ndipo nyimbo zake adapeka ndi Erik Satie. Idapangidwa kuti ionetsedwe pa nthawi yopumula pakati pa gule wa pasiteji wotchedwa Relâche. Mbali yake yotchuka ndi ya maliro. Ngolo yonyamula bokosi ikukokedwa ndi ngamila, anamalira akuitsatira modumphadumpha, kenako ngoloyo ikumasuka n'kuyamba kuthamanga yokha, khamu lonse lili pambuyo pake liwiro. Bokosi litagwa, womwalirayo akutulukamo wamoyo n'kuzimiririka anthu mmodzimmodzi ndi kandodo, pomaliza n'kudzizimiririka yekha. Filimuyi imawerengedwa kuti ndi ya Dada, koma ndiyo idalambula njira.

Yachiwiri ndi La Coquille et le clergyman ya 1928, yomwe ambiri amaitcha filimu yoyamba ya Surrealism. Adaijambula ndi mayi, Germaine Dulac, pogwiritsa ntchito nkhani yomwe adalemba Antonin Artaud. Ikuonetsa za m'mutu mwa wansembe amene akusirira mkazi wa mkulu wa asilikali. Makoma amapindika, nkhope ya msilikaliyo imang'ambika pakati, ndipo wansembeyo amakwawa mumsewu ngati chinyama. Poionetsa koyamba mu Febuluwale 1928 ku Studio des Ursulines, anzake a Artaud adachita phokoso ndi kunyoza Dulac pomunena kuti waononga nkhaniyo. Bungwe lounika mafilimu ku Britain lidaikana ponena kuti ikuoneka yopanda tanthauzo, ndipo ngati tanthauzo lilipo, liyenera kukhala loipa.

Yachitatu ndi L'Étoile de mer ya 1928, ya Man Ray, wojambula zithunzi wa ku America yemwe ankakhala ku Paris. Idachokera pa ndakatulo ya Robert Desnos. Mbali zambiri adazijambula kudzera pagalasi losaonekera bwino, kotero kuti mwamuna ndi mkazi a m'nkhaniyo amaoneka mwachimbuuzi, monga momwe nkhope ya m'maloto imathawira munthu akafuna kuikumbukira m'mawa.

Yachinayi, yomwe idaposa zonse kutchuka, ndi Un Chien andalou ya 1929. Adaipanga ndi anyamata awiri a ku Spain omwe adadziwana ali pasukulu ku Madrid: Luis Buñuel, wobadwa mu 1900, ndi Salvador Dalí, wobadwa mu 1904. Ndalama adapereka ndi mayi ake a Buñuel. Awiriwa adalemba nkhaniyo m'masiku osakwana sabata imodzi pofotokozerana maloto awo, ndipo adagwirizana lamulo limodzi: chithunzi chilichonse chomwe chingafotokozedwe ndi nzeru za masiku onse achitaye. Ngakhale dzina lake, lomwe limanena za galu wa ku Andalusia, ndi losocheretsa, pakuti mulibe galu m'filimumo.

Filimuyi ndi ya mphindi pafupifupi 16. Imayamba ndi mwamuna akunola lumo. Akuyang'ana kumwamba, kamtambo kopyapyala kakudutsa pakati pa mwezi, ndipo nthawi yomweyo lumo likudutsa pakati pa diso la mkazi. Diso lomwe adadula lidali la mwana wa ng'ombe wakufa kale, koma mpaka lero oonera amatembenuza nkhope. Kutsogolo, nyerere zikutuluka pabowo la pachikhatho cha munthu. Mwamuna amene akufuna kugwira mkazi akulephera kumufikira chifukwa akukoka zingwe zomangiriridwa ku mapiyano awiri, pamwamba pake pali abulu akufa, pambuyo pake ansembe awiri akukwekwerezeka pansi. Timawu tolembedwa pachinsalu timanena kuti papita zaka 8, kenako kuti nkhani yabwerera m'mbuyo zaka 16, koma chipinda ndi anthu ake sizisintha.

Poionetsa koyamba mu Juni 1929, Buñuel adaima kuseri kwa chinsalu akuliza nyimbo za tango ndi za Richard Wagner pagalamafoni. Pambuyo pake ankasimba kuti m'matumba mwake adaikamo miyala yoti agende nayo oonera akayamba chipolowe. Miyalayo sidagwire ntchito, chifukwa anthu adaomba m'manja, ndipo filimuyo idaonetsedwa miyezi 8 ku Studio 28. Breton adawalandira awiriwa m'gulu lake.

Chipolowe chidadza ndi filimu yotsatira, L'Âge d'or ya 1930, yomwe idali kale ndi mawu pang'ono. Iyi idalasa poyera mpingo, asilikali ndi anthu olemera. Pa 3 Disembala 1930, magulu a ndale odana ndi alendo ndi Ayuda adathira inki pachinsalu ku Studio 28 ndi kung'amba zojambula zomwe zidapachikidwa pakhomo. Patangotha masiku ochepa, mkulu wa apolisi ku Paris, Jean Chiappe, adaletsa filimuyo, ndipo idatha zaka pafupifupi 50 isakuonetsedwa poyera ku France.

Zomwe mafilimuwa adasiya

Chachikulu chomwe adasiya ndi njira yolumikizira zithunzi. M'filimu wamba, chithunzi chimatsatira chinzake chifukwa nkhani ikufuna choncho: munthu watsegula chitseko, ndiye walowa m'chipinda. Kwa Buñuel ndi Dulac, chithunzi chimaitana chinzake chifukwa zikufanana maonekedwe kapena zikudzutsa mantha amodzimodzi, monga mtambo pamwezi ndi lumo padiso. Chitseko cha m'nyumba ya mumzinda chingathe kutsegukira kugombe la nyanja. Chachiwiri ndi kuika chinthu chodziwika pamalo osayenera, monga bulu papiyano, n'kuchijambula mosakokomeza ngati ndi za tsiku ndi tsiku. Chachitatu ndi kukana kumasulira. Filimu siuza woonera pomwe maloto ayambira kapena pomwe athera, ndipo siipereka phunziro pamapeto.

Njirazi zidafalikira msanga. Ku America, Maya Deren ndi Alexander Hammid adajambula Meshes of the Afternoon mu 1943, yopanda mawu, momwe mkazi amakumana ndi iye mwini kangapo m'nyumba mwake. Mu 1945, Alfred Hitchcock adaitana Dalí kuti akonze gawo la maloto m'filimu ya Spellbound, ndipo Surrealism idalowa m'mafilimu a malonda a ku Hollywood. Buñuel mwini wake adapitiriza ku Mexico, komwe mu Los Olvidados ya 1950 adaika maloto a mwana wanjala pakati pa nkhani ya ana a mumsewu. Adapata mphoto yaikulu ya ku Cannes ndi Viridiana mu 1961, komanso ya Oscar ndi Le Charme discret de la bourgeoisie ya 1972, momwe anthu olemera amalephera kudya chakudya chamadzulo nthawi iliyonse akakhala patebulo. David Lynch, yemwe adamwalira mu Januwale 2025, adatengera njira yomweyo mu Eraserhead ya 1977 ndi Mulholland Drive ya 2001. Khutu lodulidwa lodzaza nyerere lomwe mnyamata amatola patchire mu Blue Velvet ya 1986 limakumbutsa chikhatho cha mu Un Chien andalou. Lero njirazi zili ponseponse m'mavidiyo a nyimbo ndi m'zotsatsa malonda, momwe nthawi zambiri zidatha ululu.

Kanema amene adafika ku Nyasaland

Pomwe ku Paris ankamasula chithunzi, kuno ankachimanga. Pakati pa 1935 ndi 1937, ntchito yoyesera yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, motsogozedwa ndi L. A. Notcutt ndi G. C. Latham komanso ndi thandizo la ndalama la Carnegie Corporation, idajambula mafilimu 35 ku Tanganyika n'kuwayendetsa pagalimoto ku Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Zithunzizo zidali zopanda mawu, ndipo ndemanga zake zinkalizidwa padera m'zinenero za anthu. Nkhani zake zidali za ulimi, ukhondo, kusunga ndalama ndi msonkho.

Mu 1939 boma la Britain lidakhazikitsa Colonial Film Unit pansi pa William Sellers, yemwe ankaphunzitsa kuti filimu ya anthu a ku Africa iziyenda pang'onopang'ono, kamera isamayendeyende, nthawi isamadumphe, ndipo matsenga a kamera apewedwe poopa kusokoneza oonera. Central African Film Unit, yomwe idayamba mu 1948 ku Salisbury ndi kutumikira Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia mpaka 1963, idatulutsa mafilimu ambiri osiyanitsa munthu wanzeru amene amamvera alangizi ndi wopusa amene amakana. Oyambirira adali opanda mawu, ndipo womasulira ankaima pambali pa galimoto kufotokozera khamu chomwe likuona ndi chomwe liyenera kuphunzirapo.

Maganizo a Sellers adali olakwika, ndipo umboni wake udali pamaso pa atsamundawo. Anthu omwe ankati sangatsatire kudumpha kwa nthawi ndi omwe ankakambirana nthano za Kalulu ndi Fisi momwe nyama zimayankhula, ankamasulirana maloto m'mawa, ndipo ku migodi ya ku Copperbelt ankadzaza mabwalo kukaonera mafilimu a makauboyi. M'madera a Achewa ndi Amang'anja, Gule Wamkulu adali atatulutsa kale pabwalo zilombo zonga Kasiyamaliro ndi Njovu, ndi zina zoseka mlendo ndi katundu wake monga Simoni ndi Galimoto. Gule si Surrealism, pakuti ndi mwambo wa mizimu wokhala ndi malamulo ndi matanthauzo ake odziwika kwa olowa, pomwe a Surrealism ankathawa mwambo uliwonse. Koma anthu oleredwa pabwalo lotere sakadasochera ndi bulu wa papiyano.

Dziko litalandira ufulu, kanema adakhalabe m'manja mwa boma ngati chida chophunzitsira, ndipo lamulo la 1968 lounika zosangalatsa lidakhazikitsa bungwe lokhala ndi mphamvu yodula kapena kuletsa filimu. Wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba mu 1999. Womasulira uja sadachoke: lero ndi anyamata omwe amaika mawu a Chichewa pamafilimu akunja, kufotokoza ndi kuseketsa, ndipo ntchito yawo ndiyo imamveka m'nyumba za mavidiyo za m'misika.

Maloto m'manja mwa ojambula a ku Africa

A Surrealism adali odana ndi utsamunda, ndipo mu 1931 adapempha anthu kuti anyanyale chionetsero chachikulu cha maiko olamulidwa ndi France ku Paris. Komabe zidatenga zaka zambiri kuti anthu a ku Africa agwire okha kamera. Mu 1973, Djibril Diop Mambéty wa ku Senegal adatulutsa Touki Bouki, nkhani ya Mory, amene amayenda panjinga yamoto yokhala ndi nyanga za ng'ombe kutsogolo, ndi bwenzi lake Anta, onse akulakalaka kuthawira ku Paris. Mambéty amalumikiza ng'ombe zomwe zikuphedwa ndi ulendo wa achinyamatawa, ndipo sanena kuti chenicheni n'chiti, cholakalaka n'chiti.

Chitsanzo chapafupi ndi Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka mu 1982 n'kukulira ku Wales. Filimu yake ya I Am Not a Witch ya 2017, momwe mukumveka Chinyanja, ikunena za kamtsikana kotchedwa Shula komwe anthu akukanamizira ufiti. Boma likukatumiza kumsasa wa amayi onenedwa kuti ndi mfiti, ndipo aliyense wamangidwa kumsana ndi nsalu yoyera yaitali yokulungidwa pachiguduli chachikulu, ati kuti asauluke. Shula akuuzidwa kuti akadula nsaluyo asanduka mbuzi. Nyoni adakhalako pamsasa weniweni wa amayi otere ku Ghana, koma nsaluzo adazipeka yekha, ndipo amazijambula mosakokomeza, monga momwe Buñuel adajambulira abulu ake. Filimuyi idapata mphoto ya BAFTA mu 2018. Yotsatira yake, On Becoming a Guinea Fowl ya 2024, idamupatsa mphoto ya wotsogolera filimu wabwino m'gawo la Un Certain Regard ku Cannes. Imachitikira pamaliro a malume amene banja lonse likudziwa kuti ankagwirira ana aakazi a pabanjapo, koma palibe akunena. Zomwe pakamwa pakukana kunena zikutulukira m'maloto, m'madzi osefukira m'zipinda, ndi mwa nkhanga, mbalame yomwe imalira pochenjeza zinzake chilombo chikayandikira.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Neno

Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga, m'dera la mfumu yaikulu Dambe m'boma la Neno, agogo anayi adaphedwa ndi anthu omwe ankawaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi yomwe idapha mtsikana wina. Izi zidachitika ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Palibe filimu yomwe inganenedwe kuti ndiyo idapha agogowa. Komabe mafilimu ambiri oonetsedwa m'misika amagwiritsa ntchito matsenga a Méliès potsimikiza zomwe khamu limakhulupirira kale: nkhalamba imauluka usiku, imagwidwa, imalangidwa, ndipo oonera amatuluka mitima ili m'malo. Nyoni amagwiritsa ntchito chodabwitsa mwa njira ina. M'filimu yake palibe amene amauluka. Chodabwitsa ndi nsalu yomangira, alendo ojambula amayiwo zithunzi, ndi mkulu wa boma amene akupangirapo ndalama. Woonera amaseka, kenako amazindikira kuti amene akumuseka ndi wonamizira, ndipo wonamizirayo akufanana ndi iye.

Apa ndi pomwe pagona cholowa cha mafilimu a ku Paris aja. Matsenga a kamera ndi akale kuposa iwo, ndipo lero mnyamata aliyense wokhala ndi foni ndi kompyuta angathe kuzimiririka munthu. Chomwe Dulac ndi Buñuel adaonjeza ndi kulozetsa chithunzi chachilendo kwa woonera mwini wake, pa zilakolako, mantha ndi chinyengo zomwe mudzi umavomerezana kuti zisatchulidwe. Mafilimu a ku Malawi, kuyambira Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat a Shemu Joyah mpaka a achinyamata a lero, akula kwambiri m'njira yofotokoza nkhani molunjika, ndipo njira ya maloto ikadali munda wosalimidwa kwenikweni.

Un Chien andalou ndi Entr'acte zimapezeka pa intaneti, ndipo zonse ziwiri munthu angazionere pafoni ola limodzi lisanathe. Sizifuna Chingerezi kapena Chifalansa, ndipo womasulira wa pa Zalewa angasowe choti amasulire, chifukwa mulibe amene akuyankhula. Woonera wa ku Neno amakhala pamalo amodzimodzi ndi wa ku Paris wa mu 1929: pamaso pake pali lumo, mwezi ndi diso, ndipo tanthauzo ayenera kulipeza yekha.